Dzina la Nyale Yachisanu

Kuno ku Tromsø dzuwa linatsanzika mu Novembala,
lidzasuzumiranso Januwale atakalamba.
Ine ndagwada pansi pa tebulo la bambo,
nthambo ziwiri m'manja, yachitatu m'kamwa,
ndikusaka soketi yobisala kuseri kwa kabati.

Bambo Torleif ali pampando, manja ali njenjenje.
Manja amene anakoka maukonde zaka makumi anayi
lero swichi ya pakhoma ikuwazemba.
Dzulo anagona magetsi ali chiyakire.
Dzana anadya mumdima.

Ndiye ndabwera nako kanthu kozungulira ngati chitini cha nsomba,
kokhala ndi khutu, kopanda maso,
koyankha ukakayitana.
Ndagulanso mababu asanu ndi masipika awiri,
imodzi ya pamwamba pa firiji,
inayo ya m'bafa, poti bambo pometa ndevu
amafuna kumva za mphepo ya panyanja
ngakhale boti anagulitsa kalekale.

Foni ikuti dinani batani mpaka kuwala kwabuluu kuphethire.
Ndadina. Kwaphethira. Yati sikupeza kanthu.
Ndazimitsa, ndayatsa, ndatukwana chamumtima.
Mawu achinsinsi a intaneti ali pakapepala
kamene mayi anamata kunsi kwa bokosi la waya,
zilembo zawo zopendekeka ngati mitengo ya pamphepo.
Ndawerenga kawiri ndisanalembe,
osati chifukwa ndi ovuta.

Mwadzidzidzi sipika ya kukhitchini yatsokomola:
"Ndalumikizidwa."
Bambo adzidzimuka, khofi watayikira pathalauza.
"Mlendo ameneyu sadziwa kugogoda?"

Tsopano babu lililonse likufuna dzina.
Ndalemba Khitchini, Khonde, Bafa, Chipinda.
Lachisanu lili m'nyale ya pawindo,
ya mwendo wamkuwa ija,
pamene mayi ankaluka masokosi podikira boti.
Chala changa chaima m'malere.
"Lemba Ragnhild," atero bambo
osandiyang'ana.

Tayamba kuyeserera.
"Yatsa khitchini!"
Kanthu kawauza kuti ku Bergen kukugwa mvula.
Bambo amalankhula chakumpoto, mawu odula michira,
pomwe iko kanaphunzira kwa anthu a ku Oslo.
"Pang'onopang'ono, ababa."
"Ndilankhule ngati m'busa m'nyumba yanga yomwe?"
Kachitatu, zii. Kachinayi, kayatsa bafa.
Kachisanu khitchini yonse ngwee,
iwo kuseka mpaka kutsokomola,
kenaka kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsa,
ngati mwana amene wapeza kumene mpopi.

Usiku ndinagona pasofa.
Sindikudziwa inali nthawi yanji,
kuno ola lililonse limavala zakuda.
Ndinamva ndodo, ndinamva masilipasi akukwekwereza,
kenaka mawu, osakweza, osadula mchira ngakhale umodzi:

"Yatsa Ragnhild."

"Chabwino," inatero sipika.

Pawindo panawala.
Chipale chofewa chimene chinkagwa mobisa
chinaonekera chonse, chikutsika mosapupuluma.
Bambo anakhala pampando wa mayi.
Patapita nthawi anati, "Chepetsako pang'ono,"
ndipo nyale inamvera.
Mayi sakanamvera msanga chonchi,
akanati, ndione bwanji singano?
Ndinatseka maso, ndinanamizira tulo.

M'mawa ndinakulunga makatoni,
ndinamata nthambo m'mbali mwa khoma kuti asapunthwe,
ndinawalembera papepala zoti azinena.
Iwo anaika kapu pamwamba pake.

Pano ndili pabwalo la ndege, kudikira ya ku Trondheim.
Foni ikundionetsa nyumba yonse pachikhatho.
Khitchini yazima.
Khonde lazima. Bafa, chipinda, zonse zazima.
Ragnhild ikuyaka.
Masana ano, ndipo magetsi ndi okwera mtengo chaka chino.
Chala chimodzi chikanakwanira kuchokera pompano.

Ndabweza foni m'thumba la jekete.
Atiyitana pakhomo lachitatu.